Nkhumba ya Mkamwini

LOLEMBA

Zayambika. Kuchigayo m'mawa uno nkhani ndi imodzi: boma laletsa nkhumba. Akuti kwagwa matenda a chigodola. Osayenda nazo, osagulitsa nyama yake pamsika, ndipo alangizi a ziweto ayendera makola khomo ndi khomo.

Sabata ino! Sabata ya chinkhoswe cha Esinati, mwana wanga woyamba! Chaka chonsechi boma linali kuti? Lamva kuti Loweruka pakhomo panga padzadza anthu, ndiye ladzidzimuka.

Ndilembe bwinobwino, kuti ndikadzafa ana adzadziwe amene anayamba mnzake. M'mudzi muno ndine mkamwini. Munda ndi wa amake Esinati. Mitengo ya manachesi ndi ya amake Esinati. Ana akuti ndi a alamu anga a Zakeyu, eni mbumba, ngakhale mphuno zonse zili zanga. Changachanga pano nchimodzi: nkhumba. Ndinagula ndekha ili kamwana, ndalera ndekha, dzina ndinaitcha ndekha: Adzaona. Amene ali ndi makutu anamva.

Ndipo ndinalonjeza pagulu, pokonza za chinkhoswe, ndisanalawe ngakhale dontho, kuti ndiwo za alendo zichokera kwa ine. A Zakeyu anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, ndiwo zake ziti? Chisoso?" Ine ndinati Loweruka lidzayankha.

Malo amene boma lalowa kale pakhomo pano:
- m'chimbudzi (chikhale ndi chivundikiro)
- m'manja mwanga (ndizisamba pa mpondagiya, kachigubu kolendewera kaja)
- mu tulo (neti)
- m'thumba la makala
- m'majumbo ogulira tomato
- kuchipinda kwenikweniko (akuti tizilera)

Kunatsala kukhola. Lero lafika.

Ife tinaiona nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Tinavota kuti zimenezo zithe. Zatulukira pakhomo, zabwerera pawindo, zayambira pa nkhumba.

Zomveka kuchigayo. Wina: "Akubwera ndi jakisoni, ikagona siidzukanso." Wina: "Akuwerenga michira kuti adule msonkho." Wina: "Nyamayo akupita nayo m'mahotela ku Blantyre." Ine ndikukhulupirira zonse zitatu.

A Zakeyu amaweta mbuzi. Nkhumba zikaletsedwa apindula ndani? Sindikunena kanthu. Ndangofunsa.

Pulani yanga: mawa masana alangizi aitanitsa msonkhano pasukulu. Mudzi wonse ukhamukira kumeneko. Ine ndi Adzaona tilowera kuseri kwa phiri, kwa a Jekete, mnzanga amene tinkaotcha naye makala kale. Kumeneko nkufupi ndi malire, njinga yamoto ya alangizi imabwerera panjira. Lachisanu ndikaitenga, tipha, Loweruka anthu adya mpaka mafuta kuyenderera m'zigongono.

Osauza munthu. Ngakhale amake Esinati. Ndi mkazi wabwino, koma anayamwa bere limodzi ndi a Zakeyu.

LACHIWIRI

Zofunika:
- njinga
- thabwa
- malegeni omangira
- masese ambiri, kuti iledzere isalire
- chitenje chakale chofundira
- nkhope ya munthu wosalakwa

M'mawa. Amake Esinati akufunsa ngati ndipita kumsonkhano. Ndikuti mutu. Akundiyang'ana kuyambira kumutuko mpaka kumapazi. "Mutu wanuwo umafuna malegeni?" Ndachenjera mochedwa, anali akulendewera m'thumba la buluku.

Masana. Mudzi uli zii. Adzaona yamwa masese ndowa yonse. Siikugona. Ikuimba! Ndaiwonjezera. Tsopano yagona, koma ikuliza mkonono womveka kumjigo.

Kulemera kwake! Ndimanyadira mafutawa chaka chonse, lero ndikuwatukwana. Njinga sindikukwera, ndikungokankha. Thukuta kamukamu. Phiri limeneli analitalikitsa liti?

Pamtsinje ndikumana ndi a Lufeyo, a kwaya, nawonso akukankha njinga. Kumbuyo kwake chinthu chofundidwa bulangete. Akuti ndi mbatata. Ine ndikuti changachi ndi chimanga. Mbatata yawo yagwedeza mchira. Tonse tayang'ana kumwamba, takambirana za mitambo, tasiyana mwaulemu. Ndikuganiza kuti akupita kwa apongozi awo. Anthu ena pulani alibe.

A Jekete andilandira ndi manja awiri. "Amigo, yanu yokha basi, chifukwa ndinu m'bale." Khola lawo lili kukhwawa, kuseri kwa nsungwi. Sakundilola kufikako, akuti njira njoterera, aitsitsa okha ndi ana awo. Kukhwawako kukumveka phokoso ngati mumsika wa ku Thambani. Akuti ndi zawo ziwiri, zimakonda kucheza.

Ndabwerera wopepuka. Boma, bwera uwerenge!

Madzulo. Amake Esinati aona khola lili pululu. Sakukuwa. Kusakuwako nkumene kukundiopsa.

"Kumsonkhano kunali azimayi okhaokha. Amuna nonse mutu?"

Kenaka akundiuza za kumeneko, ine osafunsa. Akuti matendawa alibe mankhwala. Akuti amayenda ndi nkhumba, ndi nyama, ngakhale ndi mapazi a munthu. Akuti nkhumba ikhale m'khola mwake, yokha, basi. Akuti ayambira cha kumalire, kuseri kwa phiri.

Kuseri kwa phiri! Mwaona kuchenjera kwake? Akudziwa kuti nkokhako kumene sangafike, ndiye akutiopseza nako. Ndiye kuti ndasankha malo enieni. Ndagona mtima uli m'malo.

LACHITATU

Alangizi afika. Ndimayembekezera chimunthu cha mfuti. Yatsika panjinga yamoto ndi ntchembere yaing'ono, msinkhu wa Esinati, ya majombo oyera. Moni wake wopinda bondo. Boma lachenjera masiku ano, likutuma aulemu.

Zimene anyamula:
- ndowa
- botolo la mankhwala
- basi

Jakisoni sindikumuona. Ndiye kuti wabisika bwino.

Asanafike kukhola akutsuka majombo m'ndowa. Potuluka akutsukanso. Pakhomo panga! Ngati aponda zonyansa! Kapena akufufuta mapazi kuti pasakhale umboni woti anafika. Ndalemba zonse ziwiri m'mutu.

"Bambo, nkhumba ili kuti?"

Ndikuti pano sitiweta nkhumba. Akuyang'ana khola. Ndikuti ndi la nkhunda. Akuyang'ana ndowe za dzulo, zazikulu ngati nkhonya. Akuti, "Nkhunda zanu zimadya bwino." Amake Esinati alowa m'nyumba, mapewa akugwedezeka. Nkhaniyi tidzaikamba.

Pochoka: "Ngati mwaisuntha, chonde ndiuzeni kumene ili. Sindikufuna kukulandani, ndikufuna ikhale ndi moyo."

Mawu okoma. Nayenso msodzi amaika nyongolotsi yonona.

Akuti makola ambiri m'mudzi muno awapeza opanda kanthu. Zandidabwitsa pang'ono. Mwina anthu anagulitsa kale. Anthu amantha.

Masana. A Zakeyu atulukira, manja kumbuyo, akuyendera khola langa ngati agula. "Alamu, musavutike. Ndili ndi tonde wamkulu. Mungonena mawu amodzi." Mawu amodzi! Kuti mudzi wonse udziwe kuti mwana wanga wakwatiwa ndi ndiwo za amalume ake. Ndawathokoza, ndawauza kuti tonde wawoyo amsungire maliro. Sindinatchule a ndani.

Anadziwa bwanji kuti alangizi anafika? Ndipo nchifukwa chiyani njinga yamoto ija inaima nthawi yaitali pakhomo pawo? Amake Esinati akuti amapopa tayala. Inde. Tayala.

Esinati akuyesa diresi kwa atelala. Wabwera akuwala. "Ababa, zonse zili bwino eti? Kwawo kwa anzangawa ndawauza kale kuti bambo anga apha nkhumba yaikulu m'mudzi monse." Ndamuuza kuti akawauze adzabwere ndi njala ya masiku atatu.

Mwana ameneyu amandikhulupirira. M'mudzi muno ndi yekhayo amene sanandisekepo.

LACHINAYI

Ndalawira kwa a Jekete ndi thumba la madeya. Kunyumba ndanena kuti ndikupita kukafuna nsungwi za msasa wa alendo.

Lero ndakana za njira yoterera. Ndatsika ndekha kukhwawa.

Amayi ine!

Nkhumba! Nkhumba zokhazokha! Zakuda, zamawangamawanga, zamabere, zamimba. Ya a Lufeyo ndaizindikira, mbatata ija. Ya aphunzitsi opuma. Ya mkulu wa mpingo amene Lamulungu lapitali ankalalikira za kumvera olamulira. Zonse m'khola limodzi, zikudyera m'bwato limodzi, zikununkhizana ngati pa chikwati.

Ndipo eni ake ali pomwepo, aliyense ndi thumba lake la madeya, aliyense akuyang'ana zala zake zakumapazi. Tonse tinauzidwa kuti "yanu yokha basi, amigo." A Jekete akuti sanganamizire munthu, pamene ankauza aliyense zinali zoona pang'ono.

Ndani anaulula pulani yanga? Ndikuganizira a Zakeyu, ngakhale sindinawauze.

Titatha manyazi takhala pansi. Mpofunika dongosolo, apo ayi tigwidwa. Tapanga komiti. Asankha tcheyamani. Ine! Zaka zonsezi m'mudzi muja sanandisankhepo ngakhale kugwira chingwe cha belu. Lero amuna akuluakulu andiombera m'manja, m'khwawa, pakati pa nkhumba. Misozi inatsala pang'ono.

Malamulo amene ndakhazikitsa:
- osabwera awiriawiri
- osadutsa njira imodzi kawiri
- osaimba mluzu
- osauza mkazi
- osatulutsa nkhumba popanda chilolezo cha tcheyamani
- wophwanya, chindapusa nkhuku

A Lufeyo akudandaula kuti malamulowa aposa a boma. Ndawadula nkhuku pomwepo. Awa si malamulo opondereza. Awa ndi anzeru, ndawapanga ine.

Pakona pagona nkhumba ziwiri zachilendo. Makutu ofiira, kupuma mwa befu, chakudya osachiyang'ana. A Jekete akuti ndi za wamalonda wina wodutsa, anazisiya Lolemba. "Zangotopa, zachokera kutali."

Adzaona yadya, koma osati ngati masiku onse. Yandiyang'ana nthawi yaitali. Ndi matsire a masese aja, munthunso amatero.

Pobwera ndaiwala nsungwi. Amake Esinati anunkhiza malaya anga. "Nsungwi za chaka chino zikununkha nkhumba." Kenaka mwakachetechete: "Bambo, kulikonse kumene ili, musaiphatikize ndi zinzake." Ndawakumbutsa kuti tcheyamani sauzidwa zochita. Afunsa tcheyamani wa chiyani. Ndangotsala pang'ono kudzidula nkhuku ndekha.

LACHISANU

Tsiku lopha. Mpeni ndanola. Mchere ulipo. Mbaula, nkhuni, madzi otentha, zonse.

Ndafika kukhwawa dzuwa lisanakwere. Kuli chete. Nkhumba sizikhala chete m'mawa.

Zachilendo zija zauma. Ya aphunzitsi yauma. Ziwiri za a Jekete, zokonda kucheza zija, zauma. Zotsala zaunjikana pakona, zikunjenjemera ngati mu Juni.

Adzaona yagona chammbali. Makutu achita bii. Ndikuiitana. Ikugwedeza khutu limodzi basi.

Zimene taipatsa, aliyense ndi nzeru zake:
- phulusa
- tsabola
- sopo waufa
- makapisozi a anthu
- madzi a makungwa ena amene a Jekete sakutchula dzina
- pemphero la mkulu wa mpingo

Palibe.

Ndikuti ndiinyamule, ndikaphere kunyumba isanatsirizike, nyama ndi nyama. A Lufeyo atsekereza njira. "Osatulutsa nkhumba popanda chilolezo cha tcheyamani." Ndikuti tcheyamaniyo ndine, ndadzilola. Akuti pafunika komiti yonse ikhale pansi. Tikukangana choncho, kumtunda kwamveka njinga yamoto.

Imafika! Njinga yamoto imafika kuseri kwa phiri!

Wawaitana ndani? A Zakeyu, ndithu. Ayi. A Jekete eni ake, aimba foni m'bandakucha ataona zawo zafa. Munthu amene ndinadya naye mbewa zopanda mchere kumakala! Akuti, "Amigo, boma liyenera kutithandiza."

Alangizi atsika ndi ndowa yawo. Ayang'ana khola, agwira pakamwa. "Anatsogolera zimenezi ndani?"

Milomo yonse yaloza ine.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Akuti pano sipatuluka nkhumba, yamoyo kapena yakufa, ngakhale kachidutswa ka chiwindi. Zakufa zikwiriridwe dzenje lakuya. Zotsalazo nazonso sizifika patali. Aliyense atsuke mapazi m'ndowa asanachoke.

Ndawatengera pambali. Ndawauza za Esinati, za Loweruka, za a Zakeyu, zonse. Ine, kudandaulira boma, chipewa m'manja!

"Bambo, mudzi wanu unalibe matenda. Ikanakhala m'khola mwanu Lachitatu lija ndikanaiyeza, mukanapha nkudyera pakhomo panu, bola osagulitsa. Zimenezi ndinazifotokoza kumsonkhano."

Kumsonkhano.

Adzaona yatsirizika dzuwa lili paliwombo. Mutu wake unali pamwendo panga. Dzenje ndakumba ndekha, sindinalole munthu. Mafuta onse aja! Chaka chathunthu cha madeya osenza pamutu, makoko a mbatata opempha m'makomo, mapapaya oba m'munda wa mkazi wanga. Ndalira. Ndikulemba kuti ndalira, ndipo amene akufuna kuseka aseke.

Ndatsuka mapazi m'ndowa ya boma. Madzi ake ozizira.

Madzulo ndapita kwa a Zakeyu. Mawu amodzi aja ndawanena. Andiuza kuti sanamve bwino, ndibwereze.

LOWERUKA

Chinkhoswe.

Anthu abwera ndi njala ya masiku atatu, monga ndinalamulira.

Tonde waphedwa m'mamawa. Fungo lake lafika kumjigo. A Zakeyu avala jekete ya pa ukwati wawo, akuyendayenda pakati pa miphika ngati nduna yoyendera chitukuko. Aliyense wodutsa: "Mwalawa? Nja m'khola mwanga imeneyo."

Ntchito yanga lero:
- kunyamula mabenchi kutchalitchi
- kuthamangitsa agalu
- kumwetulira

Ankhoswe apatsana nkhuku, akuchimuna tambala, akuchikazi msoti. Nthungululu. Nkhukuzo zayenda kuchoka mudzi wina kufika mudzi wina popanda wozifunsa. Ndangoona. Sindikunena kanthu.

Azakhali a mkamwini wathu watsopano, mayi wa mawu ngati wailesi ya m'basi: "Nanga nkhumba yotchuka ija ili kuti? Ife tinasiya kudya Lachitatu!" Anthu aseka. A Zakeyu aimirira kuti ayankhe, kukamwa kutadzadza kale ndi chimwemwe.

Esinati wawatsogolera. Mkwatibwi amayenera kuwerama, osayankhula, nkhope pansi. Iye wadzutsa mutu. "Inadwala. Bambo anga sangadyetse alendo chinthu chodwala."

Kenaka wina waomba m'manja, ena atsatira. Azakhali aja akuti, "Amenewo ndiye abambo." A Zakeyu akhala pansi pang'onopang'ono, mawu awo ali m'kamwa.

Mwanayu akudziwa zonse. Amake anamuuza. Akudziwa za masese, za chitenje, za utcheyamani. Wandiveka nsalu pagulu ndili maliseche, ndipo kuombera m'manja kuja kwandipweteka kuposa kuseka.

A Lufeyo, aphunzitsi ndi mkulu wa mpingo akhala benchi limodzi kumapeto. Komiti yonse. Palibe akuyang'ana mnzake. Akazi awo akhala tsidya lina, akutiyang'ana tonse.

Nyama ya mbuzi ndalumbira kuti sindilawa. Esinati wabweretsa mbale yekha, wagwada. "Ababa, idyani." Ndadya. Njokoma, tonde wa satana ameneyu. Zimenezi sizituluka m'buku muno.

LAMULUNGU

Ndadzuka m'mawa, ndasakaniza madeya, ndanyamula ndowa. Ndazindikira ndili kale pakhomo pa khola. Ndaima pamenepo kanthawi. Amake Esinati abwera, alandira ndowa m'manja mwanga, akathirira nkhuku.

Kutchalitchi mkulu wa mpingo wasintha mutu wa ulaliki. Lero ndi za kukhululukirana.

Alangizi akuti m'mudzi muno tisagule nkhumba mpaka adzanene iwo. Palibe wotsutsa. Palibenso nkhumba yoti nkutsutsira. Yatsala imodzi yokha m'mudzi monse, ya mayi wina wamasiye kumapeto uko, amene analibe mwamuna womuganizira pulani.

Masana ndakhala pakhonde, ndikusinkhasinkha za boma. Maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Lisalowe m'chimbudzi mwanga. Lisalowe kuchipinda. Munthu ndi mfulu, tinavotera zimenezo.

Koma pali pena pamene ndikuona kuti linalephera ntchito:
- Lachiwiri pamtsinje panalibe wapolisi
- masese akugulitsidwa kwa aliyense, popanda kufunsa kuti ndi a chiyani
- munthu akuyenda ndi thabwa, malegeni ndi chitenje dzuwa likuswa mtengo, palibe womuimitsa
- aliyense angathe kukhala tcheyamani

Boma lotani lolekerera nzika yake kukankha chuma chake chonse kukwera nacho phiri, kukachitaya? Likanandigwira tsiku lija ndikanagona m'chitokosi, ndikanatukwana, ndikanati ufulu wanga waphwanyidwa. Koma dzulo ndikanakhala pampando wakutsogolo, mafuta ali m'zigongono.

Ndawafotokozera amake Esinati zimenezi, mfundo ndi mfundo. Akusenda nandolo, osadzutsa mutu.

"Boma linakuuzani. Ine ndinakuuzani. Mumafuna lichite kukumangani chingwe pamwendo?"

Ndaliganizira funsoli mpaka dzuwa kulowa.

Eya. Koma chachitali pang'ono.